Mndandanda wa Osatha Kuthawa Okha

Lachitatu, 2 Okutobala

Kope ili wandigulira Maud. Akuti mayi, muzilemba, m'nyumbamo mulibe wokuyankhani. Chabwino mwana wanga, ndayamba.

Sailini yalira 12 koloko, monga Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Kuyesa chabe. Ine ndikusenda mbatata. Amuna anga a Firmin pawindo m'chikuku chawo atukula dzanja lamanzere, ayang'ana wotchi, agwedeza mutu. "Chabwino." Ngati aliza ndi iwo.

Zaka 31 ku fakitale ya magetsi a nyukiliya, kumanga ndi kumasula mapaipi. Miyezi 14 chiwagwereni sitiroko. Mbali yamanja yonse inafa. Mawu anatsala anayi: ayi, chabwino, mawa, Guette. Lomalizalo ndine. Huguette lathunthu limawakanika, ine sindidandaula.

Envelopu ya komiti yafika, mawa msonkhano. Komiti ya anthu a m'dera yotsata za chitetezo cha fakitale. Makhansala, a mabungwe, a yuniyoni, madokotala awiri. Ife timafunsa, a fakitale ndi a boma amayankha, zonse zimalembedwa kuti aliyense awerenge. A meya anandiikamo mu Epulo chifukwa panalibe wina wofuna. Misonkhano iwiri ndakhala chete, kusiyana kwa ine ndi mpando kulibe.

Maapozi akugwa okha. Wotola palibe.

Lachisanu, 4 Okutobala

Msonkhano wa dzulo maola atatu. Khofi wozizira.

Nkhani yaikulu: pa 14 Novembala kudzakhala kuyeserera ngozi. Sailini, mafoni m'nyumba zonse, kusamutsa anthu ochepa kupita ku holo ya masewera kutauni. Bwana wa ku ofesi ya chigawo ndi zithunzi zake pakhoma. Mapu, mivi, mabasi. Kenako mndandanda wa anthu osatha kuchoka okha, oti galimoto ikawatenge pakhomo. Mudzi wathu wa Brémeville: anayi.

Anayi!

Chinandiimiritsa sindikuchidziwa. Ndinangozindikira ndaima, chikwama chagwa pansi. Ndinati pepani bwana, ine ndagawa makalata m'mudzi umenewu zaka 29, khomo lililonse ndikulidziwa ndi galu wake yemwe, osatha kuyenda okha apitirira makumi awiri.

Bwanayo mwaulemu ndithu: "Mayi Lecanu, lamulo silitilola kulemba munthu iye asanavomere. Amene anabweza fomu ndi anayiwo." Fomu yakeyo inali tsamba lomaliza la kabuku kaja kanabwera ndi mapilitsi a ayodini, omeza kukachitika ngozi ku fakitale. Ndani amafika tsamba lomaliza?

Kumbuyo Gaëtan Roupsard, woimira bungwe lotsutsa nyukiliya, mokweza: "Ohoo, lero mkazi wa wokumba manda watsegula pakamwa!" Ena kuseka. Munthu wa zaka 70 koma lilime likadali la kusukulu.

Potuluka ananditsatira insipekita wa ku bungwe la boma loyendera chitetezo, Nadège Belkacem. Msinkhu wa Maud, nsapato zonyowa. Akuti: "Mwafunsa bwino. Bwerani ndi nambala yeniyeni ilowe m'maminitsi. Chimene chalembedwa sangachidumphe."

Za Gaëtan sindinawauze a Firmin.

Lolemba, 7 Okutobala

Mvula. Ndakhala patebulo ndi pensulo, kuyenda njira yanga yakale ya positi m'mutu. Kuyambira kutchalitchi, kutsikira kumtsinje, kukwera ku mafamu a kumtunda, kubwerera cha kugombe. Khomo ndi khomo. Uyu ndodo ziwiri. Uyu saona. Uyu ana onse ali ku Paris ndipo laisensi anamulanda. Awa awiri amayenda bwino koma makutu anatseka kalekale.

23.

Ndinawerenga kawiri, kukhutira, kutseka kope. Podzuka kukatenthetsa supu, maso pa a Firmin akuwodzera, bulangeti latsetsereka pa mwendo wakufawo.

Njira ya positi inkathera pa geti pathu. Nyumba yanga sindinkaiwerenga, makalata athu ndinkangoponya m'thumba la jekete.

24.

Supu yapserera.

Lachinayi, 10 Okutobala

A meya andipatsa mafomu. Nesi amabwera m'mawa kudzawasambitsa a Firmin, ola limodzi ndi theka, nthawi yanga ndi yomweyo. Njinga yakale ikadali bwino. Mawondo ndiwo ayi.

Masiku atatu, osaina 11. Khomo lililonse khofi, kukana n'kunyoza, pofika nyumba yachinayi mtima ukuthamanga wokha. Palibe amene akuopa fakitale. Chimene akuopa n'kulembedwa. Bambo Hamel: "Ukandilemba pamenepo, mawa ana anga akanditula kunyumba ya okalamba." Ndawalumbirira kuti pepalalo likakhala m'kabati ya a meya, la tsiku la ngozi lokha. Asaina. Kenako akundifunsa ngati ndikukumbukira kalata ija ndinawabweretsera yochokera ku Canada, chaka cha chipale chachikulu. Ndikukumbukira. Envelopu ya buluu, fungo la mafuta onunkhira. Malemu akazi awo sanaione. Taseka mpaka kutsokomola.

Ambiri sakudziwa kumene anaika mapilitsi. Ena ali nawo akalekale. Mayi wina akusunga m'chitini cha mabatani. Ndalemba zonsezo, kaya zidzathandiza.

Kumtunda n'kutali pa njinga. Ndawauza a meya. Akuti apeza munthu wa galimoto.

Loweruka, 12 Okutobala

Kwa mayi Léontine, nyumba yomaliza panjira ya kugombe. Zaka 91. Nkhuku zisanu ndi ziwiri, mphaka, ndodo. Fomu sanaigwire n'komwe.

"Mwana wanga, ine anandisamutsapo kale. Nthawi ya nkhondo, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pa ngolo, mayi anga atafungatira wotchi ya pakhoma. Pobwerera tinapeza chitseko chokha. Kamodzi n'kokwana."

Ndinati nanga zitachitika zenizeni? Akuti: "Ndidzatseka mawindo, ndidzameza kapilitsi kanuko, ndidzakhala ndi nkhuku zanga. Galimoto sindikuifuna. Chimene ndikufuna, mudzandiuze. Nthawi ija palibe anatiuza kanthu, tinamvera kwa wotenga mkaka. Mudzandiuze zoona, nthawi yomweyo, ngati munthu wamkulu."

Ndawalonjeza. Foni idzalira, ndatero, manambala a nyumba zonse ali m'makina. Ndanena molimba mtima ngati makinawo ndinapanga ndine.

Andipatsa mazira asanu ndi limodzi. Limodzi lasweka m'thumba.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndaika fomu patebulo pafupi ndi mbale yawo. Kufotokoza pang'onopang'ono, ngati ndikunena za anthu ena. Awerenga, poti kuwerenga amatha. Maso aima pa mzere uja: sindingathe kuchoka panyumba popanda thandizo.

Dzanja lamanzere, kamodzi. Fomu pansi, kapu pansi.

"Ayi."

Ndati a Firmin, sindikunena kuti fakitale yanu ili ndi vuto, ili ndi pepala chabe. "Ayi. Ayi. Ayi." Nkhope yofiira. Chala pawindo, kuloza kumene mawaya aakulu amadutsa. Ndikudziwa chimene akunena: ndinamanga bwino, palibe chidzachitike. Ndi china chimene sanganene ngakhale mawu akanakhalapo: wonyamula anzake ndinali ine.

Kusaina m'malo mwawo ndikhoza, pepala la kukhoti limandilola. Sindichita. Ndauza anthu khumi ndi asanu kuti ndi ufulu wawo, ndiye ndikalande wa mwamuna wanga?

Ndasesa zidutswa za kapu. Sanadye. Powameta ndevu sanandiyang'ane.

Lachinayi, 24 Okutobala

Masiku asanu ndi anayi osalemba. Panalibe chabwino cholemba. Kudya pang'ono. "Guette" osamveka ngakhale kamodzi.

Dzulo m'mawa nesi wadwala, wolowa m'malo mpaka masana. Ndinati ndiwachotsa ndekha pabedi. Buleki ya chikuku sindinamange bwino. Chinathawa. Tonse pansi. Iwo chagada pakati pa bedi ndi kabati, mwendo wanga pansi pawo. Kudzisolola, kukoka, kukankha, kuyesa ndi shiti. Makilo 84. Osasuntha. Kwa aneba foni yongolira. Ozimitsa moto, amene kuno amathandizanso odwala, akuti tikubwera mayi, koma kuli ngozi pamsewu waukulu, dikirani.

Ndiye ndinawaikira pilo kumutu, ine n'kugona pambali pawo pansi pomwepo. Kuyang'ana denga. Kangaude pakona amene sindinamuonepo. Mphindi makumi anayi. Penapake dzanja lawo linafufuza langa.

Kugogoda. Ndinafuula lowani. Gaëtan Roupsard, chipewa kumutu, mafomu m'manja. Kani munthu wa galimoto amene a meya anapeza ndi ameneyu, osandiuza!

Ndilembe za awiriwa. Anakhala benchi imodzi kusukulu. Pomanga fakitale boma linatenga munda wa bambo ake a Gaëtan, a Firmin n'kukalembedwa ntchito komweko. Tsiku lawo loyamba Gaëtan anakhuthula ngolo ya ndowe pa geti, n'kuwatcha wokumba manda anthu akumva. Kuchokera pamenepo moni palibe, ngakhale pamaliro.

Anaima pakhomo la chipinda. Ine kudikira mwano. Anangoika mafomu pa mpando, kuvula jekete. "Huguette, manga buleki. Gwira mwendo uwo, usakoke. Ndikafika pa zitatu." Anagwada, kuwakumbatira a Firmin pachifuwa, kamodzi n'kamodzi ali m'chikuku. Anawakonzera kolala. Mkazi wake Colette anakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'chikuku asanamwalire. Ndinali nditaiwala. Ayi, ndisadzinamize. Sindinaiwale, sindinapiteko chabe.

Potuluka, osatembenuka: "Wanenepa, wokumba manda."

A Firmin maso kukhoma, misozi ikutsika tsaya limodzi.

Ntchafu yanga yada bii. Maud sindimuuza.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Kadzuwa. Ndinatuluka kukayanika mashiti. Pobwera fomu ili patebulo. Ndinaisiya m'dirowa ya masupuni, kaya anafikamo bwanji. Pansi pake zilembo zokhotakhota ngati padutsa nkhuku, bolopeni yaboola pepala malo awiri. F. Lecanu.

Iwo akuyang'ana kunja ngati palibe chachitika.

Ndinawotcha maapozi ndi batala ndi shuga mmene amakondera. Adya onse, ndi anga omwe. "Guette." Basi. Zandikwanira.

Osaina tsopano 21, pamodzi ndi a kumtunda amene Gaëtan anabweretsa. Okana atatu. Mafomu kwa a meya, nambala kwa mlembi wa komiti ndi kwa Nadège. Wayankha msanga, mawu amodzi: yalowa.

Vuto lina. Tsiku loyeserera komiti yandisankha kukhala woonerera. Kope m'manja, kulemba nthawi, zoyenda ndi zokanika. Kunyumba sindidzakhalako. Ndipo a meya akufuna kuyesa kutenga anthu atatu enieni a pa mndandanda, mmodzi wa chikuku. Galimoto yokhala ndi chokwezera chikuku m'mudzi muno ndi imodzi. Ija ya Colette.

Ndawauza a Firmin mosabisa. Kenako: "Mawa." Mawa wawoyu amatanthauza chilichonse. Eya, ayi, ndisiye.

Lachisanu, 1 Novembala

Tsiku la Oyera Mtima Onse. Maluwa kumanda kwa makolo anga ndi apongozi. Ndinagula mphika umodzi woonjezera, achikasu, n'kukaika pa Colette. Manda oyera bwino, palibe udzu ngakhale umodzi. Gaëtan ali patali pa mpopi ndi kheni yake yothirira maluwa. Anaona. Sanabwere. Chala chimodzi ku chipewa.

Maud waimba kuchokera ku Rennes. "Mayi, mukudzivutitsiranji ndi makomiti? Gulitsani nyumbayo mubwere kuno." Ndati bambo ako akachoka pawindo limeneli adzayang'ana chiyani? Mwana wabwino. Amaopa, basi.

Lachitatu, 13 Novembala

Ndalongedza kachikwama kawo. Mankhwala a masana, thaulo, kabudula wosinthira, magalasi. Ndalemba pepala la malangizo, mizere khumi ndi inayi. Kenako ndang'amba. Munthu wasamalira wodwala zaka zisanu ndi chimodzi ndimuphunzitse chiyani ine.

Ndawafunsanso: a Firmin, mukavomera kukwera? Atseka maso.

Akakana, akana. Nazonso ndidzalemba m'lipoti.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndilembe za dzulo mwadongosolo ndisanaiwale. Lipoti likufunika pa 28.

9.10 sailini. 9.14 foni yanga, mawu a makina: uku n'kuyeserera, lowani m'nyumba, tsekani mawindo, tsegulani wailesi. Bwino. Kusukulu ana onse mkati pasanathe mphindi zisanu ndi imodzi, aphunzitsi amenewa ndawavulira chipewa. Basi inafika 10.40 m'malo mwa 10.15. Dalaivala si wa kuno, anasochera pa mphambano ya kumtsinje, chikwangwani chinagwa chaka chatha.

11 koloko, nditavala jekete yachikasu ya woonerera, ndinapempha wa ku ofesi ya meya andiperekeze panjira ya kugombe. Mayi Léontine ali panja, akumwazira nkhuku tirigu. Mawindo onse pululu. "Kwagwanji mwana wanga, wavala ngati wokonza msewu?"

Foni sinalire. Sailini sanaimve, mphepo inali yochokera kunyanja. Nyumba zina zisanu za njira yomweyo chimodzimodzi. Atasintha mawaya a foni chilimwe chatha, manambala atsopano sanalowe m'makina.

Ndinawauza zonse. Anandiyang'ana osakwiya. Bola akanakwiya. "Unalonjeza, Huguette." Ndati eya mayi, ndinalonjeza. "Lero wabwera wekha kudzandiuza, zikomo. Koma tsiku lenilenilo udzakhala ndi mwamuna wako, ndipo ndi kumene uyenera kukhala. Ndiye pita ukakonze."

M'galimoto ndinalira pang'ono. Kenako ndinalemba nthawi: 11.20.

Ku holo ya masewera ndinafika 12.30. Timabedi topinda m'mizere, anthu a majekete achikasu uku ndi uku. Pakona a Firmin m'chikuku, sikafu yomangidwa bwino, osati mmene ndimamangira ine. Pambali pawo Gaëtan pa mpando wa pulasitiki, akuwadulira buledi ndi tchizi tizidutswa, pakamwa osapuma. Zimene ndinamva: "Ndipo zinyalala za nyukiliya zanuzo zidzakhalapobe iwe ndi ine titasanduka dothi, ukumva?" A Firmin: "Ayi!" "Ayi chiyani? Yasama." "Ayi!" N'kuyasama.

Ndinaima kuseri kwa chipilala kanthawi, kungowayang'ana.

Gaëtan anawatenga 10.05, oyamba pa atatuwo. Akuti a Firmin analoza okha pamene ndimasunga mapilitsi, n'kukana kutuluka mpaka gasi atatsekedwa ndi windo la kubafa lomwe. "Mdala wakoyu ndi yekhayo m'dera lonse amene anawerenga kabuku kaja."

Lero adzuka mochedwa. Njala yake, mazira awiri ndi buledi theka.

Lachinayi, 21 Novembala

Lipoti ndalemba katatu. Loyamba laukali, lachiwiri lopepesa. Nadège pafoni: "Lembani zimene munaona, nthawi yake, malo ake. Ukali asiyireni owerenga." Lipoti lachitatu masamba awiri.

A meya andipeza kogula buledi. "Huguette, msonkhano wa pa 28 ndi wa anthu onse, atolankhani adzakhalapo. Zinazi tingathe kuzikonza mwakachetechete, usatichititse manyazi." Munthu wabwino, ndinamunyamulapo ali khanda. Ndati mwakachetechete ndi mmene nyumba zisanu ndi imodzi zinatsalira. Anakanda m'mutu. Sanaumirire.

Koma amene ndikuopa si a meya. Nditafika ndapeza a Firmin atatsegula kalata ya komiti pa tsamba la chilengezo cha msonkhano. Chala pa tsiku, kenako pachifuwa pawo. Ndati mukufuna kupita? "Chabwino."

Kupatula tsiku loyeserera lija, chiwagwereni sanaonekepo pagulu, anzawo a kuntchito akabwera ankatembenukira kukhoma. Tsopano akufuna akakhale pamenepo mkazi wawo akuwerenga zolakwika, pamaso pa mkulu wa fakitale. Ndati ndikuwerengereni kaye kuno? "Ayi."

Zaka 43 za ukwati, lero sindikudziwa zimene zili m'mutu mwawo.

Lachisanu, 29 Novembala

Zatha. Msonkhano uja unali dzulo.

Holo ya mudzi yodzaza, ena choimirira. Gaëtan anabwera kudzawatenga 5 koloko, atavala tayi, chinthu chimene sindinachionepo. A Firmin jekete ya buluu ya Lamlungu. Pakhomo anzawo akale atatu anawazungulira, kuwagwira paphewa. Sanatembenukire kwina. Anapereka dzanja lamanzere kwa aliyense.

Anawaika kutsogolo kwenikweni. Pa tebulo lalikulu wapampando wa komiti, bwana wa ku chigawo uja, mkulu wa fakitale, Nadège kumapeto.

Ndinawerenga. Zabwino poyamba: sukulu, foni m'mphindi zinayi, atatu aja otengedwa pa nthawi yake. Kenako basi, chikwangwani, mapilitsi osowa m'nyumba zisanu ndi zinayi. Mndandanda wa anayi umene kwenikweni ndi 24, ndipo uwu ndi mudzi umodzi chabe mwa midzi yonse ya m'dera. Pomaliza njira ya kugombe. Ndinati kumeneko kuli munthu amene sanapemphe galimoto, anangopempha kuuzidwa, ndipo sanauzidwe. Dzina sindinatchule. Kumene kunali a Firmin sindinayang'aneko ngakhale kamodzi.

Nditamaliza, ndinapinda pepala.

Kenako phaa! phaa! phaa! Dzanja lawo pa chitsulo cha chikuku. Ndinati basi, ndawanyozetsa. Holo yonse maso kwa iwo. Anakoka mpweya, mlomo ukulimbana, anthu akudikira, mkulu wa fakitale naye akudikira.

"Chabwino!"

Mokweza, mmene ankanenera kuntchito paipi ikapanda kudontha. Anthu kuwomba m'manja. Ine kukhala pansi msanga.

Mayankho, ndilembe kuti ndidzawakumbutse. Manambala asanu ndi limodzi alowa kale. A m'dera lonse awaunikanso Januwale asanathe. Fomu izipita payokha, midzi yonse, ndi munthu woifotokoza. Njira iliyonse yakutali ikhale ndi wogogoda pakhomo, ya kugombe wadzipereka wophika buledi. Nadège akuti bungwe lawo lilemba kalata yotsatira zimenezi, iikidwa poyera. Za sailini yosamveka kukakhala mphepo ya kunyanja, akuti aona. "Tiona" ndikumudziwa. Ndidzafunsanso mu Malichi.

Pokweza chikuku m'galimoto Gaëtan akung'ung'udza: "Zaka makumi anayi ndikukuwa, palibe anandimvera. Uyu masamba awiri basi." Ndati mwina chifukwa sindinabwere ndi ndowe. A Firmin anaseka, kuseka kwa mbali imodzi kuja, mpaka malovu. Gaëtan anawapukuta ndi mpango wake, osaleka kung'ung'udza.

Lachiwiri, 3 Disembala

Kwa mayi Léontine kukawauza zonse, mutu ndi mutu, ndi za sailini zomwe. Amvetsera mpaka kumapeto. Akuti dzulo foni inalira yoyesa, anaiyankha: "Ndamva bambo, zikomo," kenako n'kuzindikira kuti akuyankhula ndi makina. Fomu akukanabe. Sindinaitulutse.

Lachinayi, 5 Disembala

3.40 masana. Ndikulemba choimirira kukhitchini, manja onyowa, kuti tsiku ndi nthawi zisandithawe.

Gaëtan wabwera 3 koloko, akuti wangodutsa. Kumtunda ndi kuno kudutsa kwake n'kotani? Kalata yatsopano ya komiti m'manja, lipoti langa lili tsamba lachitatu. Wakhala pawindo ndi a Firmin, kuwawerengera mokweza, mzere uliwonse ndemanga yake. Ine kuno ndikutsuka ndiwo za supu, khutu limodzi uko.

Wafika pa nkhani ya madzi. Akuti onani, madzi omwewo amene amazungulira mkati mwenimweni mwa fakitale ndi amene mumatayira m'nyanja, ife n'kumadya nsomba. Akudziwa kuti si choncho, wakhala m'komiti zaka makumi awiri. Kuputa dala.

"Ayi!"

"Ayi, ayi, ukudziwa ayi yekha. Ndikunama?"

Ndikumva kupuma kwawo kuchokera kuno. Kenako mawu okhakhala, olemera, lililonse palokha ngati akukoka chidebe m'chitsime:

"Bodza. Madzi. Ndi. Ena. Mbuzi iwe."

Mpeni wandigwa m'sinki.

Mayi wophunzitsa kuyankhula wabwera Lachiwiri lililonse chaka chathunthu ndi makadi ake a zithunzi, nyumba, galu, supuni. Osatulutsa kanthu.

Gaëtan: "Wati chiyani? Bwereza ngati ndiwe mwamuna."

"Mbuzi."

Gaëtan wabwera pakhomo la khitchini, chipewa m'manja, maso ofiira. Monong'ona: "Huguette, wamva? Wanditukwana." Ndangomugwira mkono ndi dzanja langa lonyowali. Wapukuta nkhope ndi chipewa, watsokomola, wabwerera. Ndikumumva akukoka mpando: "Chabwino katswiri, ngati ndi ena, tandiuza amadutsa pati."

Mphika ukusefukira, usefukire. Maud ndimuimbira kenako. Ayambanso, a Firmin akulimbana ndi liwu lina, likuyamba ndi pa, mwina paipi, ndipite ndikaime pafupi nawo.